Tinapita ku Nazaré Osatsanzika

Lamulungu lapitali, dzuwa likuwala bwinobwino, ndinatseka makatani kuti ndinamize mayi anga.

Tinali ku Portugal, m'katauni ka asodzi kotchedwa Nazaré. Ine, bambo a Tadala, ndi Tadala mwini wake, wa zaka zisanu ndi chimodzi. Unali ulendo wathu woyamba kutuluka mu England chilandirireni mapepala otilola kukhala m'dzikomo. Bambo a Tadala amanyamula makatoni kuweyahausi, kosungira katundu, kuno ku Rotherham, ndipo mnzawo wa kuntchito ndiye anawauza za malowa. Anati mu Okutobala ndege yochokera ku Manchester imatchipa, ukatsika ku Lisbon n'kungokwera basi.

Tisananyamuke tinapangana chinthu chimodzi: kumudzi asamve.

Chifukwa chake mukuchidziwa, musanamizire. Denga la nyumba ya amayi ku Ntcheu likudontha. Ndiye amve kuti mwana wawo ali kunyanja akunyambita ayisikirimu? Mawa lake mudzi wonse uzidzati Nangozo walemera, waiwala kwawo. Choncho ndinamukhazika pansi Tadala n'kumuuza kuti agogo akaimba foni, ife tili kunyumba.

"Mami, si bodza limenelo?" anandifunsa m'Chingerezi chakecho.

"Si bodza. Ndi kungokhala chete basi."

Nazaré ndi kokongola, abale. Mchenga wake sutha. Amayi achikulire ovala masiketi ambirimbiri, ina pamwamba pa inzake, amayanika nsomba pa mathandala a waya pamchenga pomwepo, alendo akuwajambula. Ukakwera kasitima kopita pamwamba pa phiri, umaona mafunde aatali ngati nyumba zosanja, ndi anthu ataimirira pa timatabwa, akutsetsereka pa mafundewo ngati alibe makolo.

Tinkagona m'chipinda cha lendi kwa mayi wina wachikulire, mayi Lurdes. Chingerezi chawo n'chodukaduka ngati changa, ndiye tinkamvana bwino. Koma m'mawa uliwonse tikamatuluka ankaima pakhomo.

"Lero mukupita kuti? Mubwera nthawi yanji?"

Mafunsowo ankanditopetsa. Zaka zisanu ndinakhala ndikuyankha mafunso otero m'maofesi ndikudikira mapepala. Ndinkangomwetulira n'kuloza kunyanja.

Loweruka tinatsikira ku gombe la kuseri kwa phiri, kumene kumasweka mafunde akuluakulu aja. Bambo a Tadala anapinda buluku, n'kulowa pang'ono, n'kuifulatira nyanja kuti atijambule.

"Inu, tabwererani kuno," ndinatero.

"Aaa, mayi a Tadala, madzi a m'mapazi omwewa?"

Sanamalize kuseka. Funde linabwera kumbuyo kwawo, kuwazula miyendo, n'kuwakokera mkati. Ndinangoona thovu loyera lokhalokha. Amuna awiri amene ankadutsa atanyamula matabwa awo anawataya pansi n'kuthamanga, ndipo funde lachiwiri lisanafike anawakoka bambo a Tadala pa kolala ya malaya mpaka kumtunda.

Anatuluka akutsokomola, bondo litasupuka, mchenga uli m'makutu, foni yawo yapita. Mtima utakhala pansi anayamba kudziseka okha. Ine sindinaseke. M'mutu mwanga munali funso limodzi. Akanapita, ndikanaimba kumudzi n'kuyamba ndi mawu ati? "Amayi, akamwini anu amira ku Portugal." Iwo n'kuti, "Kuti? Si muli ku Rotherham inu?" Maliro ndikanawayamba ndi kuulula bodza.

Mayi Lurdes atawaona ali chinyowere anakalipa m'Chipwitikizi kwa nthawi ndithu, uku akuwaponyera thaulo. Kenako ananditengera kukhitchini.

"Mukanandiuza m'mawa uja, ndikanakuletsani. Gombe limenelo si losewerako."

Anandiuza kuti bambo awo anali msodzi. Boti likamanyamuka, mayi awo ankadziwa mbali imene lalowera ndi nthawi imene liyenera kubwera. Likachedwa, ankadziwa kotumiza anthu.

"Ngakhale openga a matabwa aja," anatero, "aliyense ali ndi mnzake pamwamba pa phiri womuyang'anira. Kuno munthu salowa m'nyanja popanda womudziwa kumtunda."

Ndinagwetsa nkhope. Kodi zimenezi n'zachilendo kwa ife? Kwathu timati kutsanzika. Ndili mwana sindinkapita ngakhale kuchigayo osanena. Ndinachita kukwera ndege kuti mayi wa Chipwitikizi akandikumbutse mwambo wa kwathu.

Komabe mantha sachoka tsiku limodzi. Amayi amaimba Lamulungu lililonse akaweruka kutchalitchi, pa foni ya achemwali anga, ija yoonana nkhope. Itayamba kulira, ndinatseka makatani aja n'kutsamira khoma loyera lofanana ndi la kunyumba. Tadala anakhala pambali panga.

"Kwacha bwanji kumeneko?" anafunsa amayi. "Kukuzizirabe? Nanga mdzukulu wanga, wapita ku Sande sukulu lero?"

Tadala anandiyang'ana. Anangotseka pakamwa pake ndi kadzanja, kuti asalakwitse zimene ndinamuphunzitsa.

Kadzanja kameneko ndi kamene kanandigonjetsa. Ndinadzuka, kutsegula katani, n'kutembenuzira foni kunyanja.

"Amayi, sitili kunyumba. Tili ku Portugal chiyambire Lachitatu."

Amayi anabwereza mawu anga.

"Chiyambire Lachitatu?"

"Eya."

"Iwe Nangozo. Ndiye masiku onsewa ine ndakhala ndikupempherera nyumba yopanda anthu?"

Achemwali anaphulika nako kuseka mpaka foni kugwedera. Amayi sanaseke.

"Ndimaopa, amayi. Ndimati muona ngati tikuwononga, denga lanu likudontha."

"Za dengalo ndikukumbutsabe, usaone ngati wapulumuka. Koma imeneyo ndi nkhani ina. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, yenda ndithu. Koma uzinena, kuti ndikamagwada ndizidziwa komulozera Mulungu."

Ndinalira pang'ono. Kenako ndinawauzanso za funde lija, poti ndinali nditayamba kale kuulula. Anaitanitsa akamwini awo pa foni.

"Bambo, nyanja si apongozi anu kuti muziifulatira."

Bambo a Tadala anangoti, "Ndamva, amayi," akukanda m'mutu.

Zitatero amayi anafuna kuona zonse. Ndinatsika nawo mpaka kumchenga ali m'manja mwanga. Anafunsa ngati madzi onsewo ndi amchere. Anaona mathandala a nsomba n'kunena kuti amayiwo amadziwa kutumbula. Tadala analanda foni n'kuyamba kuwalongosolera za matabwa aja, Chingerezi ndi Chichewa chosakaniza, agogo akungoti "eti?" Sindinamuonepo akulankhula nawo nthawi yaitali chotero.

Anzanga a kuno, tazolowera kuyenda mwakachetechete. Ena tinaphunzira nthawi ya mapepala, pamene kulankhula kunali koopsa. Ena tikuopa nsanje. Ambiri tikuopa kupemphedwa. Sindikunena kuti mantha amenewa ndi opanda pake. Lolemba lomwelo msuweni wina, nkhani itamufika, ananditumizira uthenga wofuna foni yatsopano. Ndinamuyankha kuti sindingathe. Anakwiya. Koma Lachiwiri kunacha ndithu.

Tsono taonani kumene tafika nako kubisaku. Munthu amasamuka ku Leeds kupita ku Manchester, makolo ake osadziwa. Wina amagonekedwa m'chipatala sabata ziwiri n'kumauza kumudzi kuti mashifiti amuchulukira. Mnzanga wina wa kutchalitchi anabisa mimba mpaka mwana kubadwa, mayi ake kumva pa chithunzi. Timati tikudziteteza. Tikudziteteza kwa ndani? Kwa amene anatibereka kumbuyo?

Ndipo ana athu akutiona. Tikuwaphunzitsa kuti agogo ndi munthu womubisira zinthu. Mawa akadzakula n'kupita ku yunivesite, adzatibisira ifenso. Tidzaimba foni, iwo adzati ali m'chipinda akuwerenga, chonsecho ali kutsidya la nyanja. Ndiye tidzadandaula kuti dziko lino lawawononga, kuiwala amene anayamba.

Sindikuti mukapita kokayenda muzimwaza zithunzi kuti aliyense aone. Ineyo manyazi sangandilole. Munthu mmodzi yekha akwanira, wokudziwani kumtunda. Akapempha chimene mulibe, muuzeni kuti mulibe. Mawu amenewo ndi olemera pakamwa, ndawayesa, koma ndi opepuka kuyerekeza ndi foni imene ndikanaimba Loweruka lija.

Tinafika kuno Lachiwiri masana, kukugwa kamvula kathu ka masiku onse. Ndisanamasule chikwama ndinaimba kumudzi.

"Amayi, tafika."

"Zikomo," anatero. "Ndiye mawa ndibwerere nalo ku Rotherham pempherolo."

Nanga inu, amene amakutchulani dzina m'mawa uliwonse akagwada, akudziwa kumene muli lero?