Pampu ya a Uledi

Ku Sadzi kuno kunamveka mphekesera yoti a Uledi analandira pampu ya sola kuboma, ndipo amaibisa kunsi kwa bedi kuopa obwereka. Enafe tinkati mwina n'zoona, poti munthu amene munda wake umaimitsa magalimoto a boma sangatsale chimanjamanja.

A Uledi anakalambira pamunda wa m'munsi mwa phiri, wotsetsereka moti dzungu likathothoka umakalitola kumsika. Pampuyo ankaifunadi. Madzi othirira dimba ankasenza ndi akazi awo, a Mwanamvua, ndipo msana unali utayamba kukana.

Tsiku lina mlangizi, mayi Deborah, anati boma libweretsa mapampu a ngongole kwa alimi osamala nthaka. A Uledi anagwira mawuwo ngati a shehe. Anaunda akalozera, nabzalamo udzu wa vetiva. Mapesi analeka kuotcha, n'kumaphimbira m'munda. Chigwembe chimene chinkameza mbuzi anachitseka ndi miyala, zaka zitatu, ndi manja awo.

A Anderson, oyandikana nawo munda, ankangowaseka uku akuotcha mapesi posaka mbewa.

"Achimwene, mwayala mphasa m'munda, agonepo ndani?"

"Sekani. Pampu ikabwera musadzandipatse moni."

Alendo anayamba kufika, nsapato zopukuta. Anazika chikwangwani cha munda wachitsanzo, nawajambula a Uledi atagwira chimanga chiwiri ngati mapasa. Ankawombera m'manja, kumwa fanta, n'kumapita.

Mapampu atafika, a Uledi anavala mkanjo wa Lachisanu, ulendo kumsonkhano. Mayina anaitanidwa mpaka pepala kutha. La a Anderson linamveka bwino lomwe.

"Amayi, kapena langa lagwera kuseri kwa pepalalo?"

Mayi Deborah anayang'ana pansi. "Bambo Uledi, malamulo anasintha. Akuti tiyambe ndi minda yowonongeka. Wanu uli bwino kale."

"Uli bwino? Anaukonza ndani?"

"Inuyo, bambo."

"Anandituma ndani?"

Mayiwo anayamba kufunafuna cholembera chimene chinali m'manja mwawo.

Pobwerera a Anderson anawapeza panjira, pampu ili panjinga. "Achimwene, tandigwirirani kumbuyoku, chitundachi chakula." A Uledi anagwira. Mpaka lero sadziwa chifukwa chake.

Asanalowe m'nyumba anakazula chikwangwani chija. A Mwanamvua anafuna kuchiwaza nkhuni, iwo anakana. Anachikulunga m'chiguduli nalowa nacho kuchipinda, ana a m'mudzi akuona. Mphekesera inabadwira pamenepo.

Vetiva sanamuzule. "Nthaka sinandinamize," amatero, akutsika ndi ndowa kumtsinje.

Mwezi watha a Mwanamvua anatulutsa katundu yense panja kuti athire mankhwala a nsikidzi, ndipo theka la Sadzi linapezeka likudutsa pakhomopo. Kunsi kwa bedi kunatuluka chikwangwani ndi nsapato imodzi. Pampu kunalibe. A Uledi sanalandirepo pampu.