Chitenje Pakati pa Ine ndi Mkamwini

Geni ya matemba ndinaiyamba mochedwa, bambo a ana anga atamwalira. Anandilowetsa ndi alamu anga, Abiti Saidi. Anandionetsa kuyanika nsomba pathandala, kuzitembenuza dzuwa likafika pamutu, ndi kusanja m'dengu osaphwanya mitu. Anandipezeranso kasitomala, mayi wina wophika pa lesitilanti ku Zomba.

Masiku amenewo tinkakwera matola, dengu pamwendo, iwe pathumba la mpunga, ulendo. Koma matolawo anatha tikuona. Mwini galimoto yomwe inkabwera kudoko kwathu anaigulitsa n'kugula njinga zamoto zitatu. Lero kuno kwa Mwambo munthu akakolola bwino mpunga sakamba za galimoto ayi, amakamba za njinga, poti imalowa m'tinjira momwe galimoto imatitimira.

Tsiku lovutalo kunacha mvula itagwa. Mayi wa lesitilanti anali atandiuza kuti ndikalepheranso kufika m'mawa, ayamba kugula kwa wina. Njinga zonse zinali zitapita, kunangotsala ya mkamwini wanga, bambo a Hawa. Tsono inu mukudziwa, mpongozi ndi mkamwini sakhudzana, ngakhale panjira timapatukirana. Ndinaima kanthawi, kenaka ndinakwera.

Iwo anamanga dengu pakaliyala ndi mphira. Ine ndinakhala cham'mbali, miyendo mbali imodzi, n'kusiya mpata pakati pathu woti mphaka n'kugonapo. Manja ndinakumbatira dengu. Titafika padambo poterera anachepetsa liwiro, nayankhula osatembenuka.

"Amayi, pano mundigwire."

Ine ndinangokumbatirabe dengu ngati sindinamve. Njinga itapendekera uku ine ndinapendekera uko, mphira n'kuduka, ndipo ndinapita pansi ndi dengu lomwe. Theka la matemba linali m'matope, ndipo matemba akatero ndi a nkhuku basi.

Mkamwini wanga, munthu wa Mulungu, anangoima poteropo, manja ali lende, kufuna kundidzutsa koma osatha. Ndinadzuka ndekha. Tinatola ouma, aliyense mbali yake, osayang'anana. Atamanganso dengu anati tikhoza kubwerera, akamuuza mwana wanga, mkazi wawoyo, kuti msewu wakana. Koma kubwerera kunali kutaya kasitomala, ndipo wina ndinalibe.

Ndinamasula chitenje chapamwamba, n'kuwapatsa ndi manja awiri kuti adzimange m'chiuno, nsonga zitsalire kumbuyo. Ndinakhala motangadza ngati atsikana a masiku ano, nsongazo nditazikulunga m'manja. Iwo akapendekeka, chitenje chinkandikoka, ine n'kutsatira. Tinadutsa madambo awiri osagwa.

Mayi wa lesitilanti anayang'ana dengu losadzazalo, nayang'ana matope pampango wanga.

"Mwafika, agogo. Tsitsani."

Kuyambira pamenepo njinga ikamakhota sindilimbana nayo, komwe yapendekera ndi komweko. Bambo a Hawa amanditenga Lachiwiri lililonse, ndipo dzanja langa silinawakhudzepo mpaka lero. Ulemu ndikadali nawo wonse. Ndinangophunzira kuunyamula moti usandigwetsenso m'matope.