Ndinangoti Ndamukometsa

Anthu inu, nkhani iyi musaiyese yopeka, inandichitikira ine ndemwe kuno ku Lundazi, ndipo chipsera cha mwala chilipo pamwamba pa khutu langa lamanzere, wokayika abwere adzakhudze yekha. Sinditchula dzina la munthu aliyense, chifukwa ena mwa iwo timakhalira benchi limodzi kutchalitchi, komanso ndinaona ndi maso anga zimene dzina la munthu limakumana nazo likangolowa m'foni.

Ine kwathu ndi ku Katete, ndine Mchewa, ndipo pa boma pano ndinabwera kudzatsegula kasaluni kuseri kwa msika, koluka tsitsi ndi kugulitsa mawigi. Nditangofika kumene, anansi anandiitanira chakudya, ndiye ine pothokoza ndinati nkhukuyi yakoma bwanji, basi nyumba yonse kugwa nako kuseka, kundifunsa kuti nkhukuyo yapha ndani. Apo m'pamene ndinaphunzira kuti m'Chitumbuka kukoma ndi kupha. Kwathu timati ndiwo zakoma, nyimbo yakoma, mkwatibwi wakoma, pomwe kuno ukati wakoma ndiye kuti pagona mtembo. Inasanduka nthabwala yathu ya pamsika, moti amayi a tomato akandiona ndikudutsa ankandikuwira kuti lero ndakoma angati, ine n'kuwayankha kuti atatu okha, bizinesi yavuta.

Mmodzi wa amayi a tomatowo anali mnzanga wa ponda apa nane mpondepo, ndipo anali ndi kamtsikana kamodzi kokha, kophunzira giredi thu, kaulemu, kogweluka mano akutsogolo. Loweruka lina m'mawa anabwera nako n'kukasiya kuti ndikaluke, chifukwa mawa lake kanali kovina kutsogolo kwa kwaya. Ndinakaluka mizere yokhotakhota, kumapeto kwake n'kumangirira mikanda yofiira ndi yoyera, ndipo ndinene zoona, tsiku limenelo manja anga anagwira ntchito. Ndinakajambula chithunzi n'kuchiponya pa gulu lathu la pafoni la amayi a pamsika, kenako n'kujambula mawu, ndikuseka, kuti: “Mwana uja ndamukometsa, amake sakamuzindikira!” Amayi anayankha ndi tizithunzi toseka, mnzanga uja n'kulemba kuti yewo chomene, zikomo kwambiri ya Chitumbuka. Mwana ananyamuka masana kulowera kwawo, njira yomwe ankayenda tsiku ndi tsiku.

Kunyumba sanafike. Madzulo mayi ake anabwera kudzandifunsa, ndipo tinazungulira limodzi msika wonse, kudepoti ya maminibasi, kwa anzake akusukulu, mpaka kuchipatala, ine ndi amene ndinamugwira mkono popita kukanena kupolisi. Apolisi anaimbira bambo a mwanayo, omwe anasiyana ndi mnzangayu ndipo ankagwira ntchito ku Lusaka, iwo n'kuyankha kuti sakudziwa kanthu. Lamulungu analengeza m'matchalitchi, ndipo kwaya inaimba popanda kamtsikana kaja kutsogolo.

Ndiye chakudza sichiimba ng'oma. Ine ndili kalikiliki kugawa chithunzi cha mwana kuti anthu athandize kufunafuna, osadziwa kuti mawu anga aja atuluka pa gulu la amayi, wina wadula kuseka kwanga koyambirira, wawalumikiza ndi chithunzi changa, n'kulemba pansi pake m'Chitumbuka kuti mverani yekha akuvomera kuti wamukomeska mwana. Kukomeska, anthuni, ndiko kuphetsa. Ndipo mawu oti amake sakamuzindikira aja anawamasulira kuti mtembo ndauwononga moti ngakhale mayi wake sangaudziwe. Amene ananditumizira anali mphwanga wa ku Chipata, akundifunsa ngati ndaona zimene zili pa masamba a mchezo, ndipo nditatsegula ndinayamba ndaseka, ndithu ndinaseka, poganiza kuti ndi nthabwala yathu ija yangopitirira muyezo.

Kuseka kunandithera nditayamba kuwerenga za m'munsi. Wina anati ankandikayikira kale, mkazi wobwera wopanda mwamuna angagule bwanji firiji ndi jenereta ndi ndalama za tsitsi. Wina anakulitsa chithunzi cha mwana chija n'kuzunguliza mzere wofiira pa shelefu ya kumbuyo, pomwe panali mitu ya pulasitiki yovekapo mawigi, n'kufunsa kuti mituyi ndi ya ndani. Wina anati mikanda yofiira ndi yoyera ndi chizindikiro cha okhwima, yofiira magazi, yoyera mafupa, pomwe ine ndinangosankha kuti igwirizane ndi yunifomu ya kwaya. Mayi wina wokhala kunja kwa dziko, amene sanapondepo ku Lundazi, analemba kuti analota mwanayo akulira m'firiji mwanga. Analipo mnyamata wina wodzitcha wofufuza nkhani, ankaulutsa pafoni ataima pa mlatho, akuloza madzi, akunena kuti gwero lake lodalirika lamuuza zonse. Gwero lake liti? Ine ndinakometsa mwana, koma iwo ndiwo anakometsa nkhani.

Chimene chinandiimitsa mutu, ndipo mpaka lero sindichimvetsa, ndi amayi a pa gulu lathu. Onsewo ankadziwa chimene ndinatanthauza, si ndiwo ankandiseka nawo mawu omwewa kwa zaka? Ndinalemba pa gulupo kuwapempha kuti auze anthu, koma kunangoti zii, kenako ndinaona mmodzimmodzi akutuluka. Ndipo ku Lundazi kuno ndani sadziwa Chinyanja? Ana amaphunzira kusukulu, pa wailesi chimamveka, nyimbo zomwe amavina m'mabala zili ndi kukoma komweku. Ndiye kodi anamva molakwa, kapena anasankha kumva choncho? Apolisi anandiitana, ndipo mayi wapolisi wina atamvetsera mawuwo anangopukusa mutu n'kundiuza kuti palibe mlandu apa, ndipite koma ndisamayendeyende. Nditatuluka, pafoni anthu analemba kuti apolisiwo ndawathira mankhwala m'maso.

Ndinayesa kupita kwa mnzanga uja. Ndinamupeza atakhala pa mphasa, achibale atamuzungulira. Iye anandiyang'ana nthawi yaitali, maso otupa, n'kundifunsa chapansipansi kuti ndinasankhiranji mawu amenewo, pomwe ndikanatha kunena kuti ndamukongoletsa. Ndinangotembenuka n'kubwerera kunyumba. Inu mumadziwa chifukwa chimene munasankhira mawu amene munanena dzulo?

Tsiku limene ndinatsala pang'ono kufa linali lowala bwinobwino, dzuwa lili paliwombo. Ndinaganiza, mwa nzeru zanga zoperewera, kuti popeza mitu ya pulasitiki ija ndiyo ikuopsa anthu, ndiichotse pa shelefu ndikaisunge kunyumba. Ndinailonga m'thumba la feteleza, tsitsi la mawigi likulendewera kunja, n'kutuluka nalo pakhomo, osadziwa kuti tsidya lina la msewu kuli mafoni akundijambula. Wina anakuwa kuti akuthawitsa mitu. Anthu inu, sindinaonepo msika ukutha anthu mofulumira chonchija, amabasiketi, amakala, ana asukulu, onse kukhamukira kwa ine. Thumba linagwa, mitu n'kugubuduka m'fumbi, ndipo ngakhale aliyense ankaona kuti ndi pulasitiki, mayi wina anakomoka. Ine ndikukuwa kuti ndi zidole, ndi zidole, mwala unandipeza pamwamba pa khutu, ndipo ndinamva kutentha kukutsikira m'khosi.

Anandipulumutsa ndi mayi mwini nyumba ya saluniyo, Mtumbuka wachikulire wolusa ngati mavu, amene anandikokera m'chipinda chake chosungiramo chimanga n'kukhoma, iye n'kuima pakhomo ndi mpini. Ndili m'katimo ndinkamva ena akufunsa za petulo. Ndinagwada pakati pa matumba ndikufuna kupemphera, koma m'mutu munkangobwera mawu anga omwe aja, ndamukometsa, ndamukometsa, ndipo ndikuuzeni chinthu choopsa kuposa mwala: ndinali nditawamvetsera kambirimbiri moti nanenso ndinayamba kuwamva ngati mawu a munthu wakupha. Ndinayamba kudzifunsa ngati mwanayo anatulukadi m'saluni mwanga, ngati ndinamuonadi akuwoloka msewu. Galimoto ya apolisi itafika ndinakwera mosangalala ngati ndikupita ku ukwati, ndipo anandisunga kumeneko kuti anthu asandiphe.

Ine ndili kupolisi komweko, pamsika panafika mayi wina wa kumidzi ya ku Magodi amene anabwera pa boma kudzagulitsa mtedza. Iyeyu foni yake inali yamabatani, za pa masamba a mchezo sankazidziwa, koma wogula wina anamuonetsa chithunzi cha mwana wophedwa ku Lundazi. Mayiyo akuti anangoti mwana uyu wafa liti, poti dzulo lomweli anali naye pa mjigo, ndipo amayi onse a m'mudzimo akhala akumugwiragwira m'mutu, kufunsa kuti analuka mizere imeneyi ndani. Nkhope sanaiyang'anitsitse n'komwe, anazindikira mikanda.

Zinapezeka kuti ankhazi ake a mwanayo, ndiye kuti mlongo wa bambo ake, anakumana naye pamsewu Loweruka lija, namukweza pa njinga kupita naye kumudzi. Atafunsidwa anayankha mosaphethira kuti ng'ombe za malowolo zinaperekedwa zonse, mwana ndi wa kuchimuna, ndipo munthu sapempha chilolezo potenga chake. Anati ankafuna kutumiza uthenga, koma kwawoko netiweki mpaka ukwere pachulu, ndiye anangoti adzanena akadzabweranso pa boma. Dziko lonse likusaka mtembo m'firiji mwanga, mwana anali kukazinga chimanga ndi asuweni ake.

Mukuganiza kuti zinathera pomwepo? Uthenga woti mwana wapezeka unayenda ngati kamba, pomwe wa kuphedwa kwake unauluka. Mnyamata wa pa mlatho uja anangofufuta zake n'kuyamba nkhani ina. Ena analemba kuti mfitiyo yaona kuti zavuta ndiye yamubweza, ndipo mpaka lero alipo amayi amene amakokera ana awo kumbali akamadutsa pa saluni panga. Wondiponya mwala sindimudziwa, mwina ndinamulukapo mkazi wake.

Mnzanga uja ndinamudikira, ndikuti abwera tidzalire limodzi. Sanabwere. M'malo mwake, m'mawa wina ndinapeza kapepala ka pulasitiki pakhomo la saluni, m'kati muli mikanda yofiira ndi yoyera, yotsukidwa bwino, ndipo Lamulungu lotsatira ndinaona kamtsikana kaja kutchalitchi katametedwa mpala. Kanandimwetulira ndi mano ake ogweluka, mayi ake n'kukatembenuza mutu. Kodi mikandayo anabweza popepesa, kapena poopa kuti ili ndi mankhwala? Zaka zapita, tomato ndimagula kwa ena, ndipo sindinapeze mtima womufunsa.

Chimene ndimakhulupirira tsopano n'chakuti anthu sanandiponye miyala chifukwa chosamva Chichewa. Anali ndi mantha, mwana sankaoneka, ndipo mantha amafuna nkhope yoti aiyang'ane, ndiye yanga inali pafupi, yachilendo, ili kale m'foni. Choncho inu amene chala chimakuyabwani mukalandira mawu a munthu ndi chithunzi chake, musanatumize kwa ena, dzifunseni kuti anadula pati, ndipo kumbukirani kuti masiku onse amene anthu ankayang'ana shelefu yanga, palibe anaganiza zokwera njinga kupita ku Magodi. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Saluni ndikadali nayo, mikanda ija ili m'botolo pansi pa tebulo, sindinaimangirirenso mwana wa munthu. Ndipo kasitomala akadziyang'ana pagalasi n'kundifunsa kuti waoneka bwanji, mawu akwathu aja amafika pa lilime, ine n'kuwameza, n'kungomupatsa kagalasi kakang'ono kuti adzionere yekha kumbuyo.