Lebulo ya Kampu ya ku Nsefu

Onesmus wa ku Kakumbi ndi munthu wa mawaya. Netiweki ikafa m'maloji a alendo a m'mbali mwa mtsinje wa Luangwa amaitana iye, ndipo amafika pa njinga yake yamoto akutukwana njovu zimene zakumba chingwe. Si wolankhulalankhula, koma mukamufunsa za swichi, kabokosi ka timagetsi tothwanima kaja, ha, mwaziputa dala!

"Aka ndi kondakitala wa minibasi ya pa Jumbe," amatero. "Uthenga ndiwo katundu. Thumba samasula ayi. Amangoona lebulo ili pamwamba, n'kuichotsa, n'kumatapo ina, n'kupatsira mnzake wakutsogolo. Thumba losadziwika kopita amalitaya."

Mng'ono wake, Kondi, anali mlonda pa kampu ina ya alendo ku Nsefu, ya misasa ija amaphwasula mvula ikayandikira. Lamulo la ntchito n'lakuti kampu ikatsekedwa, lebulo yake ya pa netiweki aifafanize. Koma chaka china Onesmus anaisiya dala, kuti Kondi, wotsala yekhayekha kumeneko, aziimba foni kunyumba. Mu February mtsinje unasefukira, unakokolola misasa, swichi ya pakampupo, ndi Kondi yemwe. Mtembo sunapezeke.

Amayi awo, a Martina, anakanitsitsa kwamtuwagalu zoti pachitike maliro. "Ndilire ndani? Mwana wanga sanatsanzike." Ankangokhala pakhonde, foni ili m'manja, akuwonda anthu akuona. Onesmus ankaopa kuti ataya awiri.

Tsiku lina mu October, dzuwa likuswa mtengo, ali m'kanyumba ka pansi pa mlongoti wa netiweki, anaona pa laputopu mauthenga akulowa ndi lebulo ya kampu ija. Akuchokera kuti, abale? Pamalopo patsala mchenga ndi ng'ona basi! Mauthengawo ankabwera mosalekeza, ndipo swichi ya pamlongotipo, posadziwa kowapititsa, inkangowataya.

Anaimbira abwana ake. "Fafanizani zimenezo, a Onesmus, ndi zinyalala," anatero abwanawo.

Akanatha kutsegula uthenga umodzi n'kuona za m'kati, koma chiyambire ntchito sanamasulepo thumba la mwini. Anangoumata lebulo yolowera ku Kakumbi, ku foni ya amayi ake, n'kukwera njinga.

Anawapeza foni ili kukhutu. Iye, ali chiimire pabwalo, ankamva madzi okhaokha akukokoma m'fonimo, madzi a chigumula, chonsecho Luangwa anali ataphwa mpaka ana kumawoloka wapansi. Koma amayiwo ankagwedeza mutu.

"Ee. Ee, mwana wanga. Ndamva."

Anaika foni pamphasa, n'kumangitsa chitenje m'chiuno.

"Iwe Onesmus, pita ukauze a kumpingo. Mawa tilira."