Wodula Ulusi wa Achimwene Anga

Achimwene anga a Samruay anali ometa tsitsi, ndipo akanangokhala ometa tsitsi basi, bwenzi tonse titakalamba ndi mtendere. Malo awo ometera anali pafupi ndi msika wa ku Pak Nam Pho, moyang'anizana ndi pomwe ine ndinkagulitsa mpunga wophika ndi nkhuku. Mkazi wawo anamwalira msanga n'kuwasiyira mwana mmodzi, Lamduan. Mwanayo ndinalera ndine, poti bambo ake ankangolota ali maso.

Chinatipweteka ndi Lachitatu. Kwathu munthu sameta Lachitatu, ndi tsoka, choncho ometa onse amatseka. Anzawo ankapita kukawedza. Achimwene ankakhala pampando wometera, thabwa pamiyendo, n'kumalemba nkhani yopeka yomwe inkatuluka pang'onopang'ono m'magazini ina ya ku Bangkok. Inali nkhani ya mzinda woyandama pankhungu, momwe nyali za mumsewu ankayatsa ndi mizimu, ndipo munali chigawenga chotumidwa kupha anthu. Chinalibe mpeni. Chinkayenda ndi kasizasi, n'kumadula ulusi woyera umene amonke, ansembe a kukachisi kwathu, amatimanga padzanja kuti mzimu usatithawe. Chikangodula, munthu ankayendabe bwinobwino, koma sankafika kwawo. Dzina la chigawengacho linali Wodula Ulusi.

Mayina a ophedwawo achimwene ankawatola pampando womwewo, ndipo poyamba anthu ankachita kulimbirana.

"A Samruay, ine mundipha liti?" ankatero a Thongbai, opalasa njinga yonyamula anthu. "Koma mundiphe ndili bwana, akazi atatu akundilira."

"Akazi atatu kulira inuyo? Akulu, bodza nalonso lili ndi malire."

Anawaphadi ali bwana, ndipo a Thongbai anayenda ndi magaziniyo msika wonse, kuonetsa ngakhale osatha kuwerenga. Sipanapite nthawi, anawapeza atauma panjinga yawo pansi pa mtengo, masana dzuwa likuswa mtengo. Tinati ndi mowa, pakuti munthuyo ankaupapira. Kenako anagwa mayi Bunruean ogulitsa nkhata za maluwa, omwenso dzina lawo linali litangophedwa m'nkhanimo. Posambitsa mtembo, wina anati ulusi wa padzanja lawo unali wodukiratu. Ulusi umaduka wokha ukatha, aliyense amadziwa, koma tsiku limenelo palibe anakumbukira zimenezo.

Mpando wa achimwene unayamba kuchita fumbi. Azimayi ankakoka ana awo n'kudutsira mbali yanga ya msewu. Anthu ankanong'onezana kuti a Samruay amadula Lachitatu, tsiku losadula. Ine pakamwa ndinkati zamkutu, koma magaziniyo ndinkaitsegula mtima uli phaphapha, chifukwa munali dzina lina lomwe linalimo kuyambira pachiyambi. Mtsikana amene Wodula Ulusi ankamukonda anali Lamduan.

Tsiku lina m'mawa achimwene anawoloka msewu n'kudzaima pa mphika wanga, milomo ili gwa.

"Chaluay, chigawo chotsiriza ndinatumiza kale ku Bangkok. A Thongbai asanamwalire n'komwe."

"Ndiye?"

"Mfumu ya mzinda wa m'nkhanimo ikutuma Wodula Ulusi kuti akadule ulusi wa Lamduan."

Ndinaika chipande pansi kuti ndisawamenye nacho. "Achimwene, mayina onse ali padziko lino, inu munaona la mwana wanu? Mutu wanuwo mumameta kunja kokha, mkatimo mwamera thengo eti?"

Anangotembenuka n'kulunjika ku positi ofesi, komwe kunali telefoni, kuti akaimbire mkonzi wa magaziniyo. Ine sindinadikire za telefoni. Ndinatseka malonda, ndinakamutenga Lamduan kosoka zovala komwe ankaphunzira, mpaka ku kachisi wa kutsidya kwa mtsinje, kumene amoyo amagona m'bokosi la maliro kuti imfa iyese kuti yatenga kale n'kudutsa.

Sindidzaiwala. Mabokosi anali ndandanda, otsegula. Lamduan anagona chagada, maluwa m'manja.

"Azakhali, musandisiye."

"Ndili pompano, mwanawe. Tseka maso."

Mmonke anamufunditsa nsalu yoyera mpaka kumaso, anzake n'kuyamba nyimbo ija timaimva pamaliro pokha. Ndinayang'ana nsaluyo kuti ndione ngati ikukwera ndi kutsika pachifuwa, ndipo kwa kanthawi sindinaone kanthu. Mantha amene ndinamva pamenepo sindinawamvenso moyo wanga wonse. Atachotsa nsalu, mwana anadzuka, anamuwaza madzi, anamumanga ulusi watsopano, n'kumupatsa dzina lina. Analowa Lamduan, anatuluka Pranom.

Magazini itafika, ndinakaiwerengera kuseri kwa mphika. Wodula Ulusi anafikadi pakhomo pa mtsikanayo, sizasi m'manja, koma anabwerera. Mfumu inati ulusi umodzi uduke basi, wa aliyense. Ndiye chigawengacho chinalowa m'kanjira kena, n'kupeza wometa tsitsi wina dzina lake Samruay.

Ndinathamanga osatseka ngakhale mphika. Ndinawapeza akunola lumo.

"Mwachita chiyani, achimwene?"

"Mkonzi anati owerenga akudikira maliro, nkhani singathe popanda wina kufa. Anati ndimupatse dzina lina. Nanga ndikanapereka la ndani? Lako?"

"Basi tiyeni kukachisi pompano. Mukagone m'bokosi, musinthe dzina, zithe."

"Iyayi."

"Mwapenga?"

"Taganiza, Chaluay. Wodula Ulusi akabwera n'kupeza kuti Samruay kulibe, abwerera kwa amene anamutumira poyamba. Mulekeni andipeze pakhomo."

Ndinalalata, ndinalira, ndinawaitanira amonke, koma sanasunthe. Munthu wofatsa uja, amene ankaopa ndi nalimata womwe, anakhala ndi dzina lake n'kumadikira.

Wodula Ulusi sanafulumire. Anthu ataona kuti wometa sakufa, anayamba kubwerera mmodzimmodzi, ena mpaka kumaseka za nkhaniyo. Achimwene sanasekepo. Sanalembenso kanthu. Anasuntha galasi kuti lizionetsa chitseko, ndipo pometa ankayang'ana chitsekocho kuposa mutu wa munthu, moti makutu ambiri a ku Pak Nam Pho ali ndi zipsera zawo. Mlendo akalowa, sizasi inkaima. Padzanja pawo ulusi unkachita kusanjikizana, wakuda ndi thukuta, wina pamwamba pa unzake. Lachitatu ankakhala panja pampando, poonekera, kuti wowafuna asavutike kufunsa m'nyumba.

Dzina lakale la mwana wawo sanalitchulenso, ngakhale mwangozi. Ine ndinkaphonya kawirikawiri, iwo n'kundiyang'ana ngati ndaponya moto padenga. Pranom anakwatiwa, anabereka, tsitsi lake linayamba imvi, bambo ake akudikirabe. Kunena zoona, ndinkawakwiyira. Ndinkaona kuti ataya moyo wonse chifukwa cha munthu amene anamupanga okha ndi cholembera. Komabe nanenso mlendo wovala zakuda akaima pamsika, ndinkayang'ana manja ake.

Anadwala atakalamba kwambiri, matenda wamba a m'chifuwa. Masana ena tili pambali pa mphasa yawo, ine ndi Pranom, anatsegula maso n'kuyang'ana kuchitseko. Nkhope yawo inamasuka mmene sindinaionere chiyambire tsiku la magazini lija. Anatambasula dzanja la ulusi lija ngati akupatsa munthu.

"Mwachedwatu, akulu," anatero.

Pakhomo panalibe aliyense. Kenako anatembenukira kwa mwana wawo n'kumugwira tsaya.

"Wandipeza ine. Tsopano ndingathe kukuitana. Lamduan, mwana wanga. Lamduan."