Masitepe Okwera Chafutambuyo

Nyumba yathu ya ku Kanyama anaimanga agogo aamuna atangofika kuchokera ku Chipata. Anaikweza m'mwamba chifukwa cha madzi amene amadzadza mukomboni mvula ikagwa, ndiye pakhomo pali masitepe. Pamene ndinali giredi teni, masitepewo anali atagumuka moti tinkakwera modumpha ngati mbuzi.

Chaka chimenecho mlongo wanga wamkulu anapeza mbeta, mtsikana wa Chibemba wa ku Matero. Akwawo anatumiza mawu kuti adzabweretsa chilanga mulilo, mwambo umene azimayi akuchikazi amasenza zakudya kudzaonetsa mkamwini zimene azidzadya m'banja. Atate anachita manyazi ndi nyumba. Tinapaka penti, tinasintha malata odontha, kenako iwo eni anagwetsa masitepe akale n'kumanga atsopano. Ine ndikaweruka kusukulu ndinkatunga madzi okandira simenti.

Anatuluka okongola ndithu, koma aatali ndi opapatiza, poti atate anayezera mwendo wawo.

Azakhali, mlongo wawo wa atate amene anakwatiwa ndi Mbemba, anabwera kudzaona. Anaima manja ali m'chiuno.

"Ba bulaza, mwamangila ndani ivi?"

"Banthu," anayankha atate. "Uganiza nkhuku?"

"Simuziba kuti baja bazimayi bamangena m'nyumba chafutambuyo? Mapoto pamutu, bali kuvina! Bapongozi banu bakagwa apa, ukwati wasila."

Mlongo wanga anayang'ana masitepewo mwankhawa. Mtsikanayo ankamukonda kwambiri, ndipo akuchikazi anali atavuta kale kuti avomere. Atate anakana kuti palibe angagwe.

"Yesani ndimwe," anatero azakhali.

Anawamanga chitenje, n'kuwasenzetsa beseni la madzi. Amayi anatenga chigubu n'kuyamba kuchiomba ngati ng'oma. Aneba anatuluka kudzaonerera. Atate anatembenuka, anagwedeza chiuno pang'ono, anakwera bwinobwino poyamba. Kenako chidendene chinasowa popondapo. Anakhala pansi phi, madzi onse khuthu m'malaya. Ndinaseka mpaka m'mimba kupweteka, ndipo sindinaonepo amayi akuseka chonchija, misozi ili mbwembwembwe.

Atate anapukuta kumaso. "Iwe, leta hamala," anandiuza. Nditabweretsa, anagumula masitepewo.

Ulendo wachiwiri anayeza ndi amayi ndi azakhali, atamanga zitenje zawo mothina monga amachitira pa zisangalalo. Pamene phazi lawo lafika osakoka chitenje, atate ankalemba ndi khala. Aneba amene anaseka aja anabwera ndi mafosholo, ndipo mayi wina wophwanya miyala kumsewu anatibweretsera wilibala yodzadza. Masitepe anatuluka aafupi, otambalala. M'mawa uliwonse ndinkawathira madzi kuti simenti ilimbe, ndipo tonse tinkalowera kukhitchini.

Tsiku la chilanga mulilo ng'oma tinazimvera patali. Azimayi anafika pamzere, mapoto okutidwa ndi nsalu ali pamutu, fungo la nkhuku ndi chikanda lili ponseponse. Pakhomo anatembenuka. Woyamba anali mayi wamkulu thupi, atasenza poto wamkulu kuposa onse. Anakwera osayang'ana n'komwe, ndipo atafika pamwamba anaima n'kuvinanso pompo. Nthungululu zinalira.

Wotsiriza atalowa, ndinathamangira m'chipinda mmene mlongo wanga ankadikira kuitanidwa.

"Bangena bonse?" ananong'ona.

"Bonse."

Anayamba kuseka, thukuta lili kamukamu. Azakhali anasuzumira pachitseko.

"Iwe, bisa meno! Mkamwini saseka. Tiye, bakuitana."