Pamene anathera amuna a azakhali

Kabuku ka parokiya yathu ndinakakonza ndine, pa kompyuta ya mu ofesi ku Milange. Munali nkhani za mabanja amene anabwerako ku misasa ya othawa nkhondo ku Malawi. Kumapeto ndinaikako mlozera wa mayina, ndipo ndinkayenda nawo mapewa m'mwamba.

Ntchito yake si yovuta. Nkhani ya munthu ikatenga masamba angapo, umaika chizindikiro pamene yayambira, china pamene yathera, kompyuta n'kulemba yokha kuti tsamba lakuti mpaka lakuti. Pa dzina la malemu amuna a azakhali anga ndinatsegula bwinobwino pa 41, koma chifukwa cha phuma ndinakatsekera patali. Mlozera unati 41–52, chikhalirecho nkhani yawo inathera pa 46.

Kuyambira pa 47 unali mutu wa anthu amene ankaba chimanga cha chithandizo mumsasa. Mayina awo tinawasiya dala, akatekisiti atanena kuti tisatokose zilonda zakale. Koma kwathu kuno buku sitiliyambira kumayambiriro. Munthu amathamangira kumapeto kukafuna dzina la m'bale wake, kenako la m'bale wa mnzake. Sabata isanathe, ku Majaua konse kunali kutamveka kuti wakuba uja wadziwika, buku lanena.

Akatekisiti atandifunsa, ndinati yalakwitsa ndi kompyuta. Bodza limenelo limandichititsa manyazi mpaka lero kuposa cholakwa chenichenicho.

Azakhali anabwera pa njinga, kabukuko atakakulunga m'kapulana, chitenje cha kwathu kuno. Iwo sadziwa kuwerenga. Ndinkayembekezera kuti andilalatira, ndipo bola akanatero.

"Mwananga, akuti komputadori yako yanena kuti bambo aja anali akuba. Iyoyo inaliko kumsasa?"

"Ayi, azakhali. Ndinalakwitsa ndine."

"Ndiwe eti." Anamasula kabukuko n'kundipatsa. "Phala lomwe unkamwa kumsasa, amako atadwala, bambo aja ankalipeza ndi ganyu m'minda ya eni. Tandionetsa pomwe athera."

Ndinatsegula tsamba 46 n'kuloza mzere womaliza. Anapinda kangodya ka tsambalo n'kukatsindika ndi chikhadabo. Apo n'kuti mabuku ena atamwazikana kale mpaka ku Molumbo, ena atawoloka malire kupita ku Muloza.

Anakulunganso kabukuko m'kapulana n'kuimirira.

"Langali ndakonza," anatero. "Enawo ukapinde wekha."